Hotela ya ku Chimanimani Itiphunzitsa Ciani?

Nyengo ya dzinja ikamayandikira, maganizo a mlimi amakhala pa mbeu, feteleza ndi khasu, ndipo m'pomveka. Koma mvula imene timaipempha ndiyo imenenso nthawi zina imadza ndi cimphepo ca mkuntho, nigumula mapiri, nikokolola maulalo ndi midzi. Lero tifuna kukamba ndi inu owerenga athu za nyumba imodzi imene anthu ambiri saiganizira pokonzekera tsoka lotere, ndiyo nyumba ya alendo: hotela, resitihausi kapena loji ya m'tauni yaing'ono ya kumapiri. Ambiri a ife timaiona ngati malo a anthu a ndalama ndi a paulendo okha. Zimene zinacitika ku Chimanimani, m'dziko la Zimbabwe, m'caka ca 2019 zinaonetsa kuti pa usiku woipa nyumba yotere ikhoza kukhala pothawira pa tauni yonse, ndiponso kuti pambuyo pace imatsala ndi mabala amene sapola msanga.

Chimanimani ndi tauni yaing'ono m'cigawo ca Manicaland, kum'mawa kwa Zimbabwe, pafupi ndi malire a Mozambique. M'masiku a atsamunda inali kuchedwa Melsetter. Iri pamalo okwera mamita ngati 1,500 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo mseu wocokera ku Mutare, wa makilomita ngati 150, umafika kumeneko mokhotakhota, kuoloka mitsinje yambiri. Anthu a kumeneko amakhalira minda ya mitengo ya matabwa, nthoci ndi zipatso zina za m'cigwa ca Rusitu, ndiponso alendo odzaona mapiri. Alendowo amakopeka ndi mathithi a Bridal Veil ndi phiri la Binga, limene liri pa malire penipeni, lalitali mamita 2,436, loposa mapiri onse a m'Mozambique. M'kati mwa tauniyo muli hotela yakale yochedwa Chimanimani Hotel, kumene okwera mapiri, anchito a Boma ndi ocita misonkhano akhala akugona kwa zaka zambiri.

Usiku wa pa 14 Marichi 2019 namondwe wochedwa Idai anatuluka m'nyanja nagwera mzinda wa Beira ku Mozambique. Kucokera ku Beira kufika ku Chimanimani pali makilomita ngati 200, kotero kunali kwapafupi kwa munthu wa kumapiri kuganiza kuti zoopsa za namondwe ndi za anthu a m'mbali mwa nyanja. Koma usiku wotsatira, Lacisanu pa 15 Marichi, cimvula cinafika pa mapiriwo, ndipo anagumuka anthu ali m'nyumba zao. M'komboni ya Ngangu, imene iri m'tsinde mwa phiri pafupi ndi tauni, matope, mitengo ndi miyala ina yaikulu ngati galimoto zinatsika mumdima ndi kukwirira nyumba. Ku Kopa, kumene mitsinje ya Rusitu ndi Nyahode ikumana, madzi anasesa nyumba pamodzi ndi eni ace, ndipo mitembo ina inakapezeka ku Mozambique. Pa sukulu ya St Charles Lwanga cimwala cinagwera nyumba ndi kupha ana a sukulu awiri ndi wanchito mmodzi. M'Zimbabwe monse anthu oposa 340 anafa, ndipo ena mazana angapo sanapezeke.

Nanga n'cifukwa ninji namondwe amaopsa cotere kumapiri? Mphepo yocokera kunyanja imadza itasenza cinyezi cambiri. Ikagunda mapiri imakakamizika kukwera, ndipo pokwera imazizira ndi kukhuthula madzi ace pa malo amodzi. Dothi la pa phiri ndi locepa, lagona pamwamba pa thanthwe. Likakhuta madzi limalemera, limaleka kugwira thanthwelo, ndipo limatsetsereka pamodzi ndi zonse zomera pa ilo. Abale athu a ku Malawi amachula cinthu cimeneci kuti napolo. M'zigwa za kumapiri, zimene ziri zopapatiza, madzi alibe kofalikira monga acitira m'dambo. Amakwera msanga, ndipo kamtsinje kamene mwana amaoloka osabvula nsapato kakhoza kunyamula ulalo wa simenti m'maola ocepa. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene anadutsa m'masiku a makolo adzadutsanso, ngakhale ife titamangapo sitolo.

Kutaca pa 16 Marichi, Chimanimani inali itadulidwa ku dziko lonse. Maulalo a pa mseu wa ku Mutare anali atapita, ndipo m'malo ambiri mseuwo unali utakwiririka kapena kudukiratu. Magetsi anazima, mipope ya madzi inaduka. Ndeke za helikoputa zinalephera kufika masiku oyamba kaamba ka nkhungu ndi mphepo. Magalimoto a thandizo anaima kutali, ndipo amene anali ndi mphamvu anayenda pansi, ena atanyamula obvulala. Pa masiku amenewo Boma la ku Harare, mabungwe a kunja ndi anthu onse a mtima wabwino anali naco cifuniro cothandiza, koma analibe njira. Anthu a m'tauniyo akanadalira cokhaco cimene cinali kale m'kati mwa tauni yao.

Apa ndi pamene eni ndi oyang'anira Chimanimani Hotel anacita cinthu cimene tiyenera kucikumbukira. Anatsegula zitseko. Anthu mazana angapo amene anathawa ku Ngangu ndi kwina, ambiri ali ndi zobvala za m'thupi zokha, analandiridwa osafunsidwa ndalama. Amai, ana ndi okalamba anapeza denga pamene nyumba zao zinali pansi pa matope, nagona ponse pamene munthu akanayala bulangeti. Khichini imene inazolowera kuphikira alendo owerengeka inayamba kuphikira khamu, ndipo sanali a usiku umodzi ai, pakuti ambiri analibenso kobwerera. Anchito a hotelayo ndi anthu a dera lomwelo, ndipo tsoka linali pa mudzi wao, komabe anaima pa moto ndi pa mapoto.

Tikaganiza bwino, sicodabwitsa kuti anthu anathamangira kumeneko. M'tauni yaing'ono nyumba zolimba, zokhala ndi denga lalikulu, ziri zowerengeka: sukulu, chalichi, cipatala ndi hotela. Mwa zonsezi, hotela ndiyo imakhala ndi zonse pamodzi zimene munthu wothawa afuna: mabedi ndi mabulangeti, mapoto akuluakulu, mosungira ufa, mpunga, mafuta ndi mcere, zimbudzi zambiri, ndi anthu odziwa kudyetsa gulu pa nthawi yace. Sukulu iri ndi malo koma kawirikawiri iribe cakudya. Cipatala ciri ndi mabedi koma ndi a odwala ndi obvulala. Nchito ya mwini hotela tsiku ndi tsiku ndi kulandira munthu amene sam'dziwa. Pa tsiku la tsoka nchito yomweyo imangokula, koma wolipira palibe.

Tsono tiyeni timuwerengere mwini hotela aliyense amene wacita cotere. Cakudya cimene anagula kuti agulitse kwa alendo mwezi wathunthu cikhoza kutha m'masiku atatu pamene odya ali mazana. Mabulangeti ndi matilesi zimene zagonedwa ndi anthu odzala matope sizibwereranso pa bedi la mlendo wolipira. Nkhuni, mafuta a jenereta, sopo ndi makandulo zimatha, ndipo kogula zina kulibe pakuti mseu waduka. Pa nthawi yomweyo alendo amene analembetsa malo amaleka maulendo ao, ena nafuna kuti ndalama zao zibwezedwe. Mwezi ukatha anchito ayenera kulandira malipiro, ngongole ya ku banki siima, ndipo msonkho wa khonsolo uli pomwepo. Munthu amene wacita cifundo cacikulu akhoza kupezeka kuti watsala wopanda kanthu pamene anzace onse ali kumuyamika.

Cionongeko Caciwiri

Namondwe amaononga nyumba ya alendo kawiri. Koyamba ndi usiku wa madzi, pamene malata aculuka kuuluka ndi matope kulowa m'zipinda. Kaciwiri ndi miyezi yotsatira, pamene mlendo sabwera. Hotela imakhalira zinthu zimene ziri kunja kwa mpanda wace: mseu, madzi a m'mpope, magetsi, ndi mbiri ya malowo m'makutu mwa anthu akutali. Mwini wace akhoza kukonza denga m'sabata imodzi, koma sangamange ulalo. Ndipo munthu wa ku Harare kapena ku Lusaka amene anaona zithunzi za matope ndi maliro sakhumba msanga kukapumula kumeneko. Ku Chimanimani nchito yokonza miseu inatenga nthawi yaitali. Asilikali a ku South Africa anathandiza kuika maulalo a citsulo ku Kopa, ndipo banki ya World Bank inapereka madola a ku America 72 miliyoni kuti athandize madera okhudzidwa. Koma anthu asanaime bwino, m'Marichi 2020 matenda a Covid-19 anatseka maulendo, ndipo alendo anasowanso.

Hotela ikakhala yopanda alendo, si mwini yekha amene amagona ndi njala. Wophika, wocapa, wosesa ndi mlonda ali ndi mabanja. Kunja kwa geti kuli mai amene amabweretsa tomato ndi repu m'mawa uliwonse, mlimi woweta nkhuku za mazira, mnyamata wolondolera alendo njira za m'phiri, wosema ziboliboli ndi woyendetsa galimoto. Ndalama ya mlendo mmodzi imadutsa m'manja ambiri isanacoke m'tauni. Kwa banja limene munda wace wakokoloka, ndalama yotereyo ndiyo ikanagula mbeu ya caka cotsatira ndi kulipira za kusukulu. N'cifukwa cace ife tinena kuti kutsegulanso hotela ya m'tauni yaing'ono ndi mbali ya kucira kwa dera lonse.

Kumene madzi analowa m'nyumba, nchito yoyamba ndi ya fosholo ndi wilibala. Matope ayenera kucoka asanaume, pakuti akauma amalimba kwambiri, ndipo cinyezi cikakhala masiku awiri kapena atatu makoma, matabwa ndi nsaru zimayamba cuku. Matilesi ndi mipando yofewa imene yamwa madzi a cigumula ndi yotaya, cifukwa madziwo adutsa m'zimbudzi ndi m'makola. Magetsi sayenera kuyatsidwa kufikira wodziwa nchitoyo ataona mawaya. Citsime ndi thanki zikapidwe ndi kuthiridwa kolorini, ndipo madzi akumwa awiritsidwe. Wonyozera zimenezi akumbukire kuti Idai atapita, ku Beira ndi madera ozungulira kunabuka kolera amene anagwira anthu oposa 6,000, ndipo anthu ngati 800,000 analandira katemera kuti mliriwo uleke. Hotela imene yadwalitsa mlendo itangotsegulidwanso yataya mbiri imene inali kuikonza.

Ngakhale kwa Olemera

Wina anganene kuti zotere zimacitika cifukwa maiko athu ndi osauka. Tiyeni tione ku America. Pa 26 Sepitembala 2024 namondwe wochedwa Helene anagwera gombe la Florida, ndipo tsiku lotsatira anafika pa mapiri a Appalachian m'cigawo ca North Carolina, makilomita ngati 600 kucokera pamene anatulukira m'nyanja. Mvula inali itagwa kale masiku awiri, nthaka itakhuta. Pa malo ochedwa Busick panagwa mamilimita ngati 780 m'masiku atatu, ndiko kuti magawo atatu mwa anai a mvula imene Chipata imalandira caka cathunthu. Mapiri anagumuka m'malo oposa 2,000, ndipo anthu oposa 100 anafa m'North Carolina mokha. M'mudzi wa Chimney Rock, umene umakhalira alendo, mtsinje wa Rocky Broad unakokolola masitolo ndi nyumba za m'mbali mwace ndi kukaunjika zidutswa m'damu la Lake Lure. Paki imene alendo amadzaona kumeneko inatsegulidwanso m'Juni 2025, patapita miyezi 9.

Mumzinda wa Asheville, m'mapiri omwewo, muli hotela yochuka yochedwa Grove Park Inn, yomangidwa ndi miyala m'caka ca 1913 pamtunda, pa phiri. Makoma ace anaima nji, koma inatseka zitseko kufikira pakati pa Novembala. Mipope ikuluikulu ya madzi a mzinda inali itakokoloka, ndipo anthu anakhala masiku 53 opanda madzi akumwa a m'mpope. Bvuto linakula pakuti Okutobala ndiye mwezi wa malonda kumeneko, pamene alendo amadzaona masamba a mitengo akusanduka ofiira ndi acikasu nyengo yozizira isanafike. Kutaya mwezi umenewo kuli ngati mlimi kutaya cimanga cace ciri pafupi kukololedwa. Anchito ambiri a m'mahotela ndi m'malo odyera anakhala opanda nchito, monga anzao a ku Chimanimani.

Kunalinso phunziro lina lowawa. Inshuwalansi wamba ya nyumba ku America siilipira cionongeko ca madzi osefukira, pakuti cimeneco ciri ndi pepala lace lapadera. M'boma la Buncombe, mmene muli Asheville, nyumba zimene zinali ndi pepalalo sizinakwane imodzi pa 100 ziri zonse, cifukwa anthu anakhulupirira kuti kumapiri kulibe cigumula. Komatu mtsinje wa French Broad unasefukira moopsa pamalo pomwepo m'caka ca 1916, ndipo mu 2024 unangopitirira muyeso wakalewo. Amene anaona za 1916 anali atapita, ndipo adzukulu ao anaiwala. Tionenso kuti mapiri a kumeneko ali ndi nkhalango zowirira, koma anagumukabe. Mitengo imathandiza kwambiri kugwira nthaka, ndipo sitileka kudzudzula oidula mosasamala. Koma mvula ikapitirira muyeso, cimene cimapulumutsa munthu ndi malo amene anamangapo ndi nthawi imene anacokapo.

Za nthawi yocoka, a ku Zimbabwe anaphunzira. Macenjezo a Idai anaperekedwa, koma anthu sanasamutsidwe, ndipo ambiri sanadziwe kothawira. Pamene namondwe wina, wochedwa Chalane, anali kudza kumapeto kwa Disembala 2020, Boma la kumeneko linasamutsira mabanja a m'malo oopsa a ku Chimanimani ku masukulu mvula isanayambe. Chalane anafika atafooka, ndipo wina akhoza kunena kuti anthu anabvutika cabe. Ife titi kugona masiku ocepa pansi m'kalasi ndi mtengo waung'ono pouyerekeza ndi manda a ku Ngangu.

Nanga Kwathu Kuno?

Dziko lathu la Zambia liribe nyanja yamcere, koma ngakhale Zimbabwe ndi Malawi alibe. M'Marichi 2023 namondwe wochedwa Freddy anagumula phiri la Soche pamwamba pa komboni ya Chilobwe ku Blantyre, ndi mapiri a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, ndipo akufa ndi osowa pamodzi anaposa 1,000. Amenewo ndi anansi athu, olankhula cinenero cathu, ndipo cigawo cathu ca Kum'mawa cigawana malire ndi Malawi ndi Mozambique yemwe. Tauni ya Chipata yazingidwa ndi mapiri, ndipo nyumba ziri kukwera m'mapirimo. M'caka ca 2007 mtsinje wa Luangwa unasefukira ndi kulowa m'maloji a ku Mfuwe. Tonse tidziwanso kuti mseu wa Great East Road ndiwo mtsempha waukulu wolumikiza cigawoci ndi Lusaka, wodutsa m'mapiri a Manenekera ndi pa ulalo wa Luangwa. Utaduka pamenepo, matauni a Nyimba, Petauke, Katete ndi Chipata akanadalira kwa masiku angapo zimene ziri kale m'nkhokwe zao.

Kwa inu eni nyumba za alendo, zazikulu ndi zazing'ono, mau athu ndi awa. Funsani akuluakulu a m'dera lanu pamene madzi anafika pa cigumula cacikulu cimene akumbukira, ndipo musamange m'munsi mwa pamenepo kapena pakamwa pa khwawa. Dzinja lisanafike konzani ngalande, khomani malata, ndipo ikani jenereta, mabuku a ndalama ndi cakudya pamalo okwera. Sungani ufa, nyemba, mcere, mafuta, kolorini ndi nkhuni zoposa zimene alendo anu afuna, ndi thanki ya madzi imene siidalira magetsi. Pa phindu la miyezi yabwino patulani kangacepe kolipira anchito miyezi iwiri kapena itatu imene kudzakhala kopanda alendo, pakuti wophika wabwino akapita ku Lusaka sabweranso. Ngati muli ndi inshuwalansi, pemphani kuti akuwerengereni poyera ngati madzi osefukira ndi kugumuka kwa phiri ziri m'kati mwace. Ndipo anchito onse adziwe njira yotulutsira alendo usiku magetsi atazima.

Kwa a khonsolo ndi a ofesi yoona za ngozi zadzidzidzi, ya DMMU, imene iri pansi pa Waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino, pempho lathu ndi lakuti pangano licitike nyengo iri yabwino. Lamulo la 2010 loona za ngozi linakhazikitsa makomiti kuyambira ku cigawo, ku boma, kufikira kumidzi. Makomiti amenewa akhale pansi ndi eni mahotela ndi kulemba kuti ndi nyumba iti iri pamalo abwino, ingalandire anthu angati, ndani adzabweretsa ufa, ndiponso ndani adzabweza zimene zadyedwa ndi kuonongeka. Mwini hotela amene adziwa kuti adzabwezeredwa sadzazengereza pa geti pakati pa usiku. Cifundo ndi cabwino, koma dziko silingaike moyo wa anthu mazana pa mwai wakuti mwina wosunga makiyi adzakhala wa mtima wabwino. A khonsolo alekenso kupereka mapuloti m'mphepete mwa mitsinje ndi m'tsinde mwa mapiri otsetsereka, kaya wopempha akhale ndani.

Tsoka likacitika, thandizo limene hotela ifuna koposa ndi mseu, madzi ndi magetsi, zimene afunanso wina aliyense. Pamwamba pa izo, a khonsolo akhoza kuimika msonkho kwa miyezi ingapo, ndi a banki kutalikitsa nthawi yobweza ngongole. Mabungwe amene atumiza anchito ao kudzathandiza awagoneke m'nyumba za alendo za komweko, alipire mtengo wace, nagule ndiwo kwa alimi a komweko m'malo mobwera ndi zonse m'mabokosi kucokera ku likulu. Misonkhano ya Boma ndi ya machalichi, imene kawirikawiri imacitikira m'mizinda ikuluikulu, ikhoza kupita ku tauni yobvulalayo mseu ukangotseguka. Umo ndi mmene ndalama imabwererera kumene madzi anaicotsa.

Tidziwa kuti ena adzafunsa kuti, bwanji kudera nkhawa munthu wa bizinesi pamene amasiye ali m'matenti? Funsoli ndi loyenera. Ku Chimanimani mabanja ena anakhala m'matenti zaka zoposa ziwiri asanapatsidwe nyumba, ndipo cimeneco ndi comvetsa cisoni. Wopanda pogona ndiye ayenera kuyamba. Ife sitipempha kuti thumba la ufa la mai wamasiye lipite kwa mwini hotela ai. Tipempha kuti amene anadyetsa khamu abwezeredwe cimene anataya, ndi kuti malo a nchito asafe, pakuti thandizo la mabungwe limatha, ndipo likatha anthu amafuna nchito. Mbali inayo, mwini hotela kapena sitolo amene akweza mitengo pa tsiku la maliro, kapena kutseka geti ana ali pa mvula, adziwe kuti madzi adzaphwa ndipo iye adzakhalabe pakati pa anthu omwewo.

Kwa inu mafumu, nyakwawa ndi anthu onse a kumidzi, cherani khutu ku wailesi pamene a zanyengo acenjeza, ndipo uzani anzanu amene alibe wailesi kapena lamya. Gwirizanani lero, kunja kuli kowala, za kumene mudzi wanu udzathawira ndi njira imene siioloka mtsinje. Mukaona ming'alu yatsopano pa phiri, mitengo iri kupendama, kapena akasupe ali kutuluka pamene panalibe, cokani pomwepo osadikira kuca. Mukaona mtsinje waphwa mwadzidzidzi mvula iri kugwa, dziwani kuti matope atseka madzi kumtunda ndipo ali pafupi kuphulika. Ndipo ngati tsoka likufikitsani pa khomo la hotela, sukulu kapena chalichi, sungani malowo ngati anu. Thandizani kutunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kusesa, ndipo musacoke ndi bulangeti limene si lanu.

Makolo athu anati kupatsa ndi kuika. A hotela ya ku Chimanimani anapatsa pa usiku umene panalibe wowakakamiza, ndipo anthu mazana anapeza pogona ndi cakudya pa masiku amene mseu unalibe. Cimene ife tingacite powalemekeza ndi kuona kuti kwathu kuno wocita cotere asadzatsale yekha ndi ngongole, ndi kuti anthu asadzayendeyende mumdima osadziwa khomo logogoda. Tipempha komiti ya ngozi ya boma liri lonse m'cigawo ca Kum'mawa kuti mvula isanakhazikike ikhale nao mndandanda wa nyumba zothawiramo, mahotela ndi maresitihausi ali pamenepo, ndi kuti mndandandawo uwerengedwe pa wailesi ndi pa mabwalo a mafumu. Nchitoyi siifuna ndalama zambiri. Ifuna kuti anthu akhale pansi tsopano lino, pakuti cakudza siciimba ng'oma.